Chotsani Njerwa Pachitsekopo

Aleluya, abale ndi alongo! Aa, Ameni yanuyo yafooka ngati simunadye sadza. Ndati aleluya! Eya, tsopano ndamva kuti muli moyo.

Ndikupatsani moni nonse m'dzina la Ambuye. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Akulu a mpingo, moni. Amayi a mabulauzi oyera, moni. Achinyamata inu kumbuyoko, amene mumamva Chichewa koma n'kumayankha m'Chishona, nanunso moni. Lero mupirire, ndilankhula chinenero cha bambo anga.

Kwa alendo, dzina langa ndine Layisoni Mbewe. Ndimakhala kuno ku Pfupajena, mu Chegutu mommuno. Mayi akhala apowo, amene akuyang'ana pansi ngati sakundidziwa, ndi akazi anga, amake Chisomo.

Ndisanapite patali, tatembenukani muyang'ane kuchitseko. Mwaiona njerwa yatsekereza chitseko kuti chisatsekeke? Njerwa imeneyo ndi yanga. Sindinaiumbe, sindinaigule, koma ndi yanga. Inaikidwa pamenepo chifukwa cha ine. Chisanu cha mu Juni chakhala chikukulumani m'miyendo chifukwa cha ine. Fumbi lakhala likulowa mpaka kuguwa chifukwa cha ine. Lero ndikuuzani nkhani ya njerwayo, ndipo ena siikusangalatsani. Palibe kanthu. Umboni si switi.

Ine ndinabadwira mukomboni ya mgodi kufupi ndi Kadoma. Bambo anga anachokera kumudzi ali mnyamata, nagwira ntchito pansi pa nthaka mpaka chifuwa chinawatha. Ankandiuza kuti, “Mwana wanga, gwira ntchito iliyonse, koma pansi usapite. Pansi tidzapita kamodzi, atatinyamula.” Ndinawamvera. Ndinalowa ntchito kufakitale ya nsalu kuno ku Chegutu, ndipo ndinkakonza makina oluka.

Amene munagwirako mukudziwa phokoso la mmenemo. Mnzako ali pafupi ngati apa, koma kuti umuuze kanthu mpaka manja. Ndiye makina akayamba kudwala sunkawamva ndi khutu ayi. Unkaika dzanja pachitsulo, n'kudekha. Dzanja ndi limene linkakuuza kuti apa pakunjenjemera mosayenera, apa patentha, apa lamba wayamba kulekerera. Ine ndinali katswiri pa zimenezo, sindikudzitama. Gwirani mfundo imeneyi, tibwererako.

Fakitale itagwa, tinagwa nayo. Ndinayesa maganyu m'mafamu. Ndinayesa kugulitsa tomato. Mimba za ana sizidziwa kuti fakitale yatsekedwa. Mapeto ake ndinatsatira anyamata okumba golide ku Gadzema, aja timawatcha makorokoza. Bambo wa imvi, tochi pamphumi, kutsika dzenje ndi chingwe! Ndinkaseka nawo, koma mawu a bambo anga ndinkawamva.

Tsiku limenelo kunali kutagwa mvula sabata yonse, dothi litafewa. Tinali pansi awiri, ine ndi mnyamata wina wa ku Mubaira. Tili mkati mokumba, timiyala tinayamba kugwa pachipewa changa, tii, tii, tii. Bambo ankati ukamva zimenezo, akale ankakuwa kuti “Basopa!”, kutanthauza kuti chenjerani. Ndinatsegula pakamwa kuti ndikuwe. Mawu sanatuluke, m'kamwa munalowa dothi.

Abale, mdima mumaudziwa, wa magetsi akazima uja. Umenewo si mdima. Mdima weniweni umalemera. Unandikhala pamutu, pamapewa, pamsana. Dothi linandipanikiza mbali zonse, kungondisiyira kampata pamphuno chifukwa cha mtengo umene unagwa mopingasa. Sindinkatha kusuntha ngakhale chala. Mnzanga ndinkamumva akubuula chapafupi, akuitana amayi ake. Kenako sindinamumvenso.

Musandifunse kuti ndinakhalamo nthawi yaitali bwanji, pansi palibe wotchi. Chimene ndikudziwa n'chakuti anzathu anakumba ndi mafosholo ndi manja, mpaka anandisolola ngati chinangwa. Ine ndinatuluka wamoyo. Mnzanga anatuluka m'bulangete.

Tinaimba muno, mukukumbuka. Tinavina, tinathokoza. Fupa silinathyoke ndi limodzi lomwe. Aliyense ankati, “A Mbewe, Mulungu wakutulutsani!” Zoona, ananditulutsa. Koma panali chinthu chimene inu simunkachiona, ndipo inenso sindinkachidziwa dzina. Ine ndinatuluka mumgodi muja, koma mgodi sunatuluke mwa ine.

Chinayamba tsiku lina masana amake Chisomo atangotseka chitseko cha kuchipinda. Chitseko chabe! Mtima unagunda ngati ukufuna kuboola nthiti. Mpweya unathawa. Ndinapezeka ndili panja, pamsewu, wopanda nsapato, anthu akundiyang'ana. Kuchokera pamenepo chipinda chinakhala mdani wanga. Ndinkagona pakhonde ngati mlonda. Kombi, timaminibasi tathu tija, sindinkakwera. Ulendo wa ku Kadoma ndinkadikira lole yotsegula kumbuyo, ndikhale pamodzi ndi matumba a chimanga. M'tchalitchi muno ndinkakhala pampando wakuchitseko, ndipo nyimbo ikakwera, anthu akadzaza, ine liwiro. Ndi pamene amayi ena achifundo anabweretsa njerwa ija.

Kunong'ona kunayamba. Ena ankati mzimu wa mnyamata uja ukunditsata. Ena ankati ndinatenga mankhwala a golide ndipo andibwerera. Anansi athu Achishona ankati ndi mamhepo, ife kuno tinkati chiwanda. Munkayesa sindikumva? Ndinkamva, abale. Munthu wa mantha makutu ake ndi akuthwa.

Ndiye akulu a mpingo anagwirizana zondipempherera. A Banda, muli apo, musadandaule, sindikukuimbani mlandu. Kwa alendo, a Banda ndi mkulu wathu wa mpingo, aja avala magalasiwo, ndipo ndinakula nawo mukomboni imodzi. Munachita zimene tonse tinaphunzira kuchita. Munachita mwachikondi. Koma ndinena mmene zinalili, chifukwa mawa mudzachitanso kwa wina.

Linali Lamlungu, mapemphero atatha. Munandigwaditsa pakati apa. Wina anachotsa njerwa ija n'kutseka chitseko, kuti ndisathawe. Wina anatseka mawindo, kuti anthu a panja asaonerere. Kenako munandizungulira. Dzanja pamutu. Dzanja lina pamutu pomwepo. Manja pamapewa, manja pamsana, manja pachifuwa. Munandiweramira nonse mpaka kuwala kunatha. Munakuwa, munadzudzula chiwanda, mpweya wanu wotentha uli pankhope panga.

Abale ndi alongo, kodi mukuona chimene munamanga? Munamanga mgodi! Munamanga mgodi m'nyumba ya Mulungu, n'kundiikamo! Mdima womwe uja. Kulemera komwe kuja, pamutu, pamapewa, pamsana. Ine sindinkamva pemphero, ndinkamva dothi. Ndinaphiriphitha kuti ndipume, inu munkati chiwanda chayamba kulimbana, onjezerani manja. Ndinakuwa kuti ndisiyeni, inu munkati mwamva, chalankhula! Ndinaponya mkono, magalasi a a Banda n'kuthyoka, benchi n'kugwa, ine n'kukankha windo ilo n'kutulukira pomwepo. Tsiku limenelo Pfupajena yonse inadziwa kuti Mbewe ali ndi chiwanda champhamvu ngati ng'ombe.

Ayi! Ndikukana lero pamaso panu. Munthu womira m'madzi akakukanda pomupulumutsa, sunena kuti ndi mfiti. Ine sindinali ndi chiwanda. Ndinali munthu wokwiriridwa amene akufuna mpweya.

Tsopano imvani pamene panafika mpeni pafupa. Mwana wanga woyamba, Chisomo, anali atapeza banja. Mnyamata wabwino, nayenso wa ku Mubaira, ndipo zonse za mwambo zinali zitayenda. Chinatsala ndi ukwati woyera, muno m'tchalitchi. Bambo aliyense pano akudziwa chimene ndinkayembekeza. Kumugwira mwana wanga dzanja, kulowa naye pachitseko icho, kuyenda naye mpaka kutsogolo kuno, n'kumupereka ndi pakamwa panga.

Madzulo ena a Banda anabwera kunyumba. Tinakhala pakhonde, poti m'nyumba sindinkalowa. Anazungulira, anazungulira, kenako anati, “A Mbewe, takambirana. Patsiku la ukwati padzakhala alendo, asebere athu a ku Mubaira. Mukadzathawa pakati pa mwambo, manyazi adzagwira mwana. Ndi bwino mng'ono wanu adzamulowetse. Inu tidzakuikirani mpando panja, pawindo, muzidzaonera bwinobwino.”

Mpando panja, pawindo! Paukwati wa mwana wanga! Ngati mwana wa anansi wodzaonerera keke. Ndinafuna kukana, koma ndikanakana ndi chiyani? Ankanena zoona. Ndinangoweramitsa mutu, ndipo ndikuuzani poyera kuti ndinalakalaka dothi lija likanangomaliza ntchito yake.

Chisomo anali akutsuka mbale kuseri, ndipo anamva zonse. Anabwera manja ali ndi thovu. Mukumudziwa, m'Chichewa sayankha. Anati, “Kana baba vasingapindi, neniwo handipindi.” Ndiye kuti, ngati bambo salowa, inenso sindilowa. A Banda anayesa kumunyengerera, amake anamukalipira, iye anangobwerera kumbale zake. Mwana ameneyu kuuma khosi anatengera ine.

Apa nkhani inakula. Tsopano silinali vuto la mpando wanga lokha, unali ukwati wa mwana. Ndikalephera kulowa muno, ndamuphera banja. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinauza amake Chisomo kuti tiyeni kuchipatala, mwina ndi mtima, andipatse mapiritsi.

Tinakwera lole mpaka ku Kadoma. Kukiliniki ndinakana kulowa m'kachipinda kopimira, ndiye nesi wina wachikulire anatulutsa mpando panja. Ndimutcha Sisita basi. Anandipima, dokotala anandipimanso, ndipo anati mtima ulibe vuto. Ine ndinakwiya. Ndinati ndiye mukuti ndikunama? Sisita anati, “Aiwa, baba, simukunama. Thupi lanu likuyesa kuti mukadali pansi. Palibe amene analiuza kuti munatuluka.” Chichewa chake chinali chothyokathyoka, ankati amayi ake anali a ku Tete, koma mawu amenewo analowa bwino kuposa maulaliki ambiri. Pepani abusa.

Anandifunsa ntchito imene ndinkagwira kale. Nditamufotokozera za makina ndi dzanja, anaseka. Anati, “Ndiye mukuidziwa kale ntchitoyi. Makina a eni munkawamvetsera. Anuanu munayamba mwawamvetserapo?”

Anali ndi kagulu ka anthu kamene kankakumana kuseri kwa kiliniki, pamthunzi wa mtengo wa mango. Amayi oferedwa, dalaivala wina amene anachita ngozi, ndi ine. Musaganize kuti kunali zachilendo. Kunalibe kandulo, kunalibe lubani, kunalibe fano. Kunali benchi ndi nyerere. Sisita ankangoti, “Khalani. Mapazi pansi. Maso mukhoza kutseka, mukhoza kusiya. Tsopano pitani kumapazi anu. Akumva chiyani? Musaganize za mapazi, amveni. Kutentha? Kuzizira? Kamwala m'nsapato? Chimene mwapeza, chisiyeni chikhale mmene chilili.” Tikakhalakhala kumapazi, ankatikweza kuakakolo, kumawondo, m'chiuno, m'mimba, pachifuwa, m'khosi, mpaka pamutu. Pang'onopang'ono, ngati mmene ndinkayendetsera dzanja pamakina. Maganizo akathawira kwina, ankati muwabweze mofatsa, musawakalipire.

Tsiku loyamba ndinaona ngati zachibwana. Bambo wamkulu, kukwera lole kuchoka ku Chegutu kudzamvetsera zala za kuphazi! Koma titafika pachifuwa, mgodi unabwera. Ndinadzambatuka. Sisita sanandigwire, sanandikuwire. Anangosuntha kundipatsa njira, n'kunena kuti, “Tsegulani maso, baba. Bwererani kumapazi. Chifuwa tidzachipeza tsiku lina.” Munthu woyamba amene sanandiunjikire manja. Ndinakhalanso pansi.

Ndinapitabe. Kunyumba ndinkachitanso m'mawa uliwonse kuseri kwa nyumba, nditakhala pandowa yovundikira. Chisomo ankabwera kudzakhala pambali, n'kumatsanzira Sisita monditonza, “Baba, tsoka dzenyu dziri kunzwei?” Mapazi anu akumva chiyani? Tinkaseka, koma ndinkamuyankha.

Ndipo ndinatulukira chinthu, abale. Ine ndinkayesa mantha aja amagwa kamodzi ngati denga la mgodi. Bodza! Ali ndi timiyala take toyamba. Kwa ine amayamba ndi lilime, limauma n'kumva fumbi. Kenako nsagwada zimalumana. Kenako mapewa amakwera kumakutu. Chifuwa chimabwera pomalizira. Ndipo ukapanda kuthawa, ukangoima n'kumati apa pauma, apa pathina, apa pakutentha, umaona chodabwitsa. Chinthucho chimakwera, chimakwera, chimafika pamwamba, kenako chimatsika chokha. Chimatsika! Nthawi yonse ija ndinkathawa chisanatsike, ndiye sindinkadziwa kuti chili ndi mapeto.

Musayese kuti zinangoyenda myaa. Sisita atandiuza kuti ndiyese kombi, ndinakwera mwamatama, mpando wakumbuyo. Tisanafike ndi pakati pomwe ndinamenya denga kuti nditsike. Kondakitala anandinyoza, anthu anaseka, ine ndinamaliza ulendo wa ku Chegutu wapansi, ndikulira ngati mwana. Sabata yotsatira ndinakweranso, mpando wakuchitseko. Ndinafika thukuta lili chuchuchu, koma ndinafika. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kenako ndinagona m'chipinda chitseko chili chotsegula. Kenako chotseka theka.

Lamlungu lina ndinabwera kuno molawirira, anthu asanafike, n'kukhala ndekha pabenchi yapakati kuti ndizolowere. Maso otseka, manja pamawondo, pakamwa chete. A Banda anandipeza choncho. Anati, “A Mbewe, mukupemphera kwa ndani mosatsegula pakamwa? Tamva kuti ku Kadoma akukuphunzitsani zachikunja. Samalani, mungatulutse chiwanda chimodzi n'kulowetsa china.”

Kale ndikanaweramitsa mutu. Tsiku limenelo ayi. Ndinati, “A Banda, phazi ili analiumba ndani? Chifuwa ichi anachiumba ndani? Mpweya uwu anandiuzira ndani? Ndikamamvetsera chimene Mulungu anapanga ndi manja ake, ndalambira fano liti? Inu mutu ukakupwetekani mumaumva, n'kumwa panado, ndipo palibe amene amakutchani wachikunja. Kupemphera sindinasiye. Ndipo mumve lero, mwana wanga ndidzamulowetsa ndekha. Mpando wanu wa pawindo mudzakhalepo nokha.”

Ndinanenadi choncho, ali apo, afunseni. Anapukusa mutu n'kunena kuti zikadzavuta asadzatchulidwe.

Tsiku la ukwati linafika. Munali mwezi wa mphepo ndi fumbi, tchalitchi chitadzaza mpaka ana kukhala pansi. Ndinavala suti ndi nsapato zatsopano zimene mkamwini anandigulira, ndipo pogula anangoyerekeza kukula kwa phazi. Ndinamugwira Chisomo dzanja. Nthungululu, nyimbo, ife n'kulowa. Ndinaiona njerwa yanga ili pamalo pake, mtima unakhala pansi.

Koma kunali mlendo, mmodzi wa abale a mkamwini, amene nkhani ya njerwa sankaidziwa. Anaona kamvuluvulu akubwera ndi fumbi, anaganiza za diresi loyera la mkwatibwi. Munthu wabwino! Anaikankha njerwa ija ndi phazi, mphepo n'kumalizitsa. Chitseko chinamenya kuti phwaa!

Tinali pakati penipeni, apo pakhala amayi a duku lofiirawo. Miyendo inaima yokha. Lilime linauma. Fumbi m'kamwa. Nsagwada zinalumana. Anthu kumanja, anthu kumanzere, anthu kutsogolo, chitseko chotseka kumbuyo. Mgodi unabwera wonse, abale, sunasiye kanthu. Nyimbo inayamba kuzima, oimba akuyang'anana. Ndinaona a Banda akudzuka, mng'ono wanga akukonza jekete kuti adzatenge malo anga. Ndinaona windo lija ndinatulukira tsiku lija. Linali pafupi. Thupi lonse linkati thawa.

Ndinati ayi. Lero ayi. Kwera mmene ungakwerere, ine ndiima pompano.

Koma chinakwera kuposa masiku onse, ndipo mapazi sindinkawapeza. Ndi pamene ndinamva dzanja likufinya langa, ndi mawu a Chisomo a pansipansi kuchokera m'nsalu yake ya kumaso. “Baba, tsoka dzenyu dziri kunzwei?”

Ndinatsika. Ndinasiya chifuwa chikuchita zake, ndinadutsa mimba, ndinadutsa mawondo, mpaka pansi. Ndipo ndinapeza chinthu. Nsapato yakumanzere inkandiluma chala chaching'ono. Inkandiluma kwabasi! Abale, sindinayambe ndakondwerapo ndi ululu ngati tsiku limenelo. Mumgodi muja ndinalibe nsapato yatsopano. Mumgodi munalibe simenti yosalala pansi pa phazi. Mumgodi munalibe dzanja la mwana wanga. Ndinakhala pachala chimenecho, ndikupuma, ndikupuma, mpaka ndinamva mapewa akutsika okha.

Ndinamunong'oneza kuti, “Nsapato yakumanzere ikundiluma.”

Mwana uja anaseka misozi ili m'maso. Ndipo anandiyankha m'Chichewa, iye amene sayankha m'Chichewa. Anati, “Ndiye kuti muli pano, ababa. Tiyeni.”

Tinayenda! Aleluya! Tinayenda, ine ndikutsimphina, chitseko chili chotseka. Abusa atafunsa kuti akupereka mwanayu ndani, sanayankhe mng'ono wanga, sanayankhe munthu wa pawindo. Ndinayankha ine, Layisoni Mbewe, ndipo a kumbuyo anamva. Ndinakhala mpaka Ameni womaliza. Asebere a ku Mubaira mpaka lero amangoti bambo a mkwatibwi anaima pakati chifukwa cha chisoni chosiyana ndi mwana. Asiyeni aziganiza choncho.

Ndiye lero ndikuthokoza. Ndikuthokoza Mulungu amene anandisunga pansi paja, amenenso anandipatsa thupi lotha kumva. Ndikuthokoza anyamata amene anakumba ndi manja. Ndikuthokoza Sisita wa ku Kadoma. Ndikuthokoza amake Chisomo, amene anagona okha m'chipinda nthawi yonse ija osandinyoza ndi tsiku limodzi. Mayi, dzutsani nkhope, anthu akuoneni.

Moyo wanga lero ndi wamba. Ku Gadzema sindinabwerere. Ndimakonza makina osokera pakhonde panga, ndipo dzanja lija likugwirabe ntchito. Ndimagona m'nyumba. Ndimakwera kombi, ngakhale mpando wakumbuyo sindiukonda. Sindikunamizani kuti mantha anatha, amabwerabe. Dzulo lomweli anabwera ndili pamzere m'sitolo. Koma ndimawamva akadali palilime, ndimawapatsa moni, ndimatsikira kumapazi, ndipo amadutsa. M'mawa uliwonse ndimakhala pandowa yanga kumvetsera thupi kuyambira kuphazi mpaka kumutu, ndikatha ndimapemphera. Amene akuti n'zachikunja abwere adzakhale nane, ndowa ina ilipo.

Ndipo ndikupempheni chinthu chimodzi, mpingo wa Mulungu. Muno muli ena onga ine. Ndikuwaona, amakhala kufupi ndi chitseko, amatuluka nyimbo ikakwera. Ena anakwiriridwa ndi dothi, ena ndi zina zimene sanena. Musathamangire kuwatcha mayina. Musawaunjikire manja musanawafunse. Pemphero silichepa mphamvu chifukwa mwaima patali pang'ono. Mupatseni munthu mpweya, mufunseni chimene akumva, ndipo ngati n'kofunika mumuperekeze kuchipatala.

Ukwati utatha, Lamlungu lotsatira, ndinapeza njerwa ija yabwezedwa pamalo pake. Ndikudziwa, munachita mwachifundo. Koma yakwana. Amayi awa azizidwa mokwanira.

A Banda, mnzanga wa mukomboni, magalasi atsopanowo akukukhalani bwino. Ndinu munatseka chitseko tsiku lija ine ndisakufuna. Lero ndikukupemphani ndine. Tadzukani. Chotsani njerwa pachitsekopo, mukaiponye panja. Eya, chomwecho. Tsopano tsekani. Musachite mantha, tsekani ndithu.

Mwamva? Chatsekeka. Lilime lauma pang'ono, sindikubisirani. Mtima ukuthamanga. Mapazi anga ali pasimenti, ndipo simentiyo ikuzizira.

Ndili pano, abale. Oimba, yambitsani nyimbo, ndipo muikweze. Ameni!